Mfuti zakale zisungidwe, koma zisadzazidwenso onga

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa mfuti zakale za nkhondo, monga Lee-Enfield .303 imene asilikali athu a King's African Rifles ananyamula ku Burma, ndipo amadzazanso okha zipolopolo zake. Amayeza onga pa sikelo yosalakwitsa, natsatira mabuku a miyezo.

Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi nkhope ina. Boma la Mwanza lili m'malire ndi chigawo cha Tete, kumene nkhondo ya Mozambique inasiya zida zambiri pamene inatha mu 1992. Onjezanipo gogodera za makolo zimene alenje ena amazidalirabe.

Ngozi yake ndi iyi: gogodera inapangidwira onga wakuda. Munthu akang'amba chipolopolo chamakono n'kuthira onga wake mu mpope wadzimbiri, mphamvu yake imaposa imene chitsulocho chingapirire, ndipo mfuti imaphulikira m'manja mwa mwini wake. Chipolopolo chimene chagona m'nthaka zaka 30 nachonso n'chachinyengo. Chimatha kuchedwa kulira, n'kulira munthu atatsitsa kale mfuti.

Sitikunena kuti zidazi ziponyedwe m'chimbudzi, pakuti zina ndi mboni za mbiri yathu. Lamulo la Firearms Act limaletsa kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo mantha amenewa ndiwo amachititsa mabanja kuzibisa kudenga. Tikupempha apolisi kuti agwirizane ndi mafumu a ku Mwanza pokonza nyengo yoperekera zidazi mopanda kumangidwa. Zipolopolo ziwonongedwe ndi akatswiri, koma mfuti zambiri yakale zipite ku Chichiri Museum, pamodzi ndi nkhani za amene anazinyamula.