KODI KILACHI YA GALIMOTO IKHALA NTHAWI YAITALI BWANJI?

Mlungu watha tinalandila kalata yocokela kwa mlimi wina wa m'boma la Katete. Mwana wao amene agwila nchito ku Lusaka anawagulila galimoto yonyamula katundu, koma pasanathe zaka ziwili amakanika awauza kuti kilachi yatha, afunika kugula ina. Bambowa afunsa kuti: "Kodi amakanika andinamiza, kapena anatigulitsa galimoto yakutha? Nanga kilachi iyenela kukhala zaka zingati?"

Funso limeneli ndi la anthu ambili, makamaka pa nyengo ya kukolola pamene magalimoto ali pa kalikiliki kututa cimanga, nshawa, soya ndi thonje kupita nazo ku misika. Motelo taona kuti ndi bwino kuliyankha poyela kuti onse apindule.

Coyamba tidziwe nchito ya kilachi. Pakati pa injini ndi bokosi la magiya pali mbale yacitsulo, kukula kwake monga mbale yodyela nsima. Mbali zonse ziwili za mbaleyi anakhomelako zigamba zolimba ndi timisomali. Mbaleyi ipanidwa pakati pa zitsulo ziwili: gudumu lolemela la injini limene amakanika alicha fulaiwilo, ndi citsulo ca masipuling'i cochedwa pulesha puleti. Dalaivala akaponda kilachi mpaka pansi, zitsulozi zilekana, ndipo mphamvu ya injini sifika ku mawilo. Akacotsa phazi, zigwilananso zolimba nizizungulila pamodzi.

Amai amene anapelapo mapila pa mphelo adziwa kuti mwala udyeka pamene ukhulana ndi unzake. Miyala iwili yongosanjikana, ngakhale ikhale zaka khumi, sipelepeseka. Kilachi nayo ndi cimodzimodzi. Ikagwila kothelatu siidyeka, ikalekana kothelatu siidyekanso. Idyeka pa kamphindi kaja pamene phazi lili pakati, mbale ikukhulana ndi zitsulo. Kamphindi kameneko kakatalika, moyo wa kilachi ufupika.

Tsono yankho la funso la bambo wa ku Katete ndi ili. Amakanika ambili anena kuti galimoto yoyendetsedwa bwino itha kuyenda makilomita 100,000 kilachi isanasinthidwe. Madalaivala osamala amafika nayo pa makilomita 150,000 kapena kuposapo, koma ena amaitha asanafike ndi pa 40,000 pomwe. Kuti timvetse kutalika kwa mtunda umenewu, kucokela ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570. Ndiye kuti makilomita 100,000 ndi maulendo oposa 80 opita ndi kubwela. Galimoto yoyenda makilomita 20,000 pa caka iyenela kutha zaka zisanu ndi kilachi imodzi.

Koma tisaiwale kuti magalimoto ambili amene tigula ndi ogwilapo kale nchito. Mwini wake woyamba anadyako kale mbali ya kilachiyo, ndipo ife tingolandila zotsala. Ndiponso manambala a mtunda sanena zonse. Galimoto yocoka ku Petauke kupita ku Chipata pa mseu wa tala, ili m'giya yothamangila, kilachi yake ipumula pafupifupi njila yonse. Koma ina imene yatha tsiku lathunthu m'tinjila ta kuminda, kuima ndi kunyamuka pa munda uliwonse, mwina yayenda makilomita 30 cabe, koma kilachi yake yagwila nchito yoposa ya inzake ija.

Cimene ciononga kilachi koposa kumidzi kuno ndi katundu wopyola muyeso, ndipo pamenepa ife alimi tili ndi mlandu. Galimoto ya matani awili iyenela kunyamula matumba 40 a makilogalamu 50. Koma mwini cimanga, poopa kulipila ulendo waciwili, aumiliza dalaivala kuti akweze matumba 60, ndipo pamwamba pake pakwelanso anthu, njinga ndi mbuzi. Kuti galimoto yotele inyamuke, dalaivala aonjeza moto kwambili nagwila kilachi pakati kwa nthawi yaitali. Mbale ija itentha, zigamba zipsa. Ndalama imene tinapulumutsa pa ulendo umodzi ipita yonse ku galaji, ndipo siikwana.

Caciwili ndi matope ndi mcenga. Galimoto ikatitimila pa dambo kapena pa mtsinje wouma, madalaivala ena alimbana nayo, kutsogolo, kumbuyo, injini ikulila, mpaka fungo la kupsa limveke. Mphindi zocepa zotele zitha kupseleza kilachi yatsopano. Nzelu ndi kuzima injini, kutsitsa katundu, kukumba ndi khasu kutsogolo kwa mawilo, kuyala nthambi ndi miyala, ndi kupempha anthu kuti akankhe. Akulu anati kuthamanga sikufika.

Cacitatu ndi zizolowezi za phazi. Pali madalaivala amene asiya phazi lamanzele litatsamila pa kilachi ulendo wonse. Kulemela kwa phazi, ngakhale kucepe, kumasula mbale pang'ono ndi kudya kacitsulo kokankha kochedwa beling'i. Ena akaima pa citunda agwila galimoto ndi kilachi m'malo mokoka buleki ya dzanja. Ena anyamuka ndi giya yaciwili atasenza katundu. Amene ayenda m'mapili a pafupi ndi mlatho wa Luangwa pa mseu wa Great East adziwa kuti kumeneko ndi kofunika kusintha giya msanga citunda cisanakule, osati kudikila injini ifooke. Oyendetsa mathalakita nao amve: kucepetsa liwilo ndi kilachi polima ndi kulakwa, sankhani giya yoyenela.

Nthawi zina colakwa si ca dalaivala. Mafuta a injini akamadontha kumbuyo kwa injini anyowetsa mbale, ndipo iyamba kutelela ngakhale ili yatsopano. Makanika akasintha kilachi osatseka podonthapo, vuto libwelanso.

Kilachi siifa mwadzidzidzi, iyamba yacenjeza. Mukaponda moto pa citunda injini n'kulila kwambili koma liwilo osaonjezeka, dziwani kuti yayamba kutelela. Fungo la cinthu copsa ndi cizindikilo cina. Ngati galimoto iyamba kuyenda phazi litafika pamwamba penipeni, mbale yapyapyala. Ikamanjenjemela ponyamuka, kapena pakamveka phokoso lolila mukaponda kilachi, pitani kwa makanika. Magiya akamavuta kulowa, yambani mwaona mafuta a kilachi m'kabotolo kake kapena waya wake, cifukwa mwina vuto ndi laling'ono.

Pali njila yoyesela imene aliyense angathe. Imikani galimoto pamalo oyela popanda ana kapena ziweto kutsogolo, kokani buleki ya dzanja zolimba, lowetsani giya yacitatu, ndipo cotsani phazi pa kilachi pang'onopang'ono. Kilachi yabwino izimitsa injini nthawi yomweyo. Injini ikapitiliza kulila, kilachi yatha. Musabweleze kuyesaku kawilikawili, pakuti nakonso kumadya mbale.

Mukaona zizindikilo zimenezi musazengeleze. Zigamba zikatha, timisomali tija tiyamba kukanda fulaiwilo, ndipo mtengo wokonzetsa ukwela. Coopsa koposa ndi cakuti galimoto idzakukanani pa tsiku loipa: usiku m'thengo muli ndi cimanga ca eni ake, kapena mutanyamula mai wapakati kupita naye ku cipatala. M'midzi yambili galimoto ndi imodzi yokha, ndipo ikafa mudzi wonse uvutika.

Posintha kilachi, makanika atsitsa bokosi lonse la magiya, nchito imene itenga maola ambili. Cifukwa cake ndi canzelu kusintha zinthu zitatu pamodzi, mbale, pulesha puleti ndi beling'i, kuopa kulipila nchito yomweyo kawili. Muuzeni aonenso fulaiwilo ndi podontha mafuta, ndipo pemphani kuti akuonetseni zitsulo zakale zimene wacotsa. Anyamata othandiza m'magalaji asauzile fumbi la kilachi ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa pampu, pakuti zigamba zina, makamaka zakale, zili ndi asibesitosi amene aononga mapapo. Pukutani ndi nsalu yonyowa.

Magalimoto ang'onoang'ono ambili ocokela ku Japan masiku ano ndi osintha okha magiya, ndipo alibe copondela ca kilachi. Zimene talemba pano zikhudza aja a magiya a dzanja, monga malole, mabasi ambili ndi mathalakita.

Kwa inu bambo a ku Katete, sitinganene kuti amakanika akunamizani. Yesani galimotoyo monga tafotokozela, ndipo ngati mukayika funsani makanika waciwili, pakuti safunsa anadya phula. Ngati kilachi yathadi, isintheni mvula isanagwe. Pambuyo pake khalani pansi ndi dalaivala wanu, muwelenge pamodzi matumba amene galimotoyo iloledwa kunyamula, ndipo nambala imeneyo muilembe pa citseko kuti aliyense wobweleka aione.