Mphika, Maliro ndi Wofufuza Milandu

Pakati pa anthu okonda kuwerenga mumzinda wa Blantyre, makamaka aphunzitsi ndi achinyamata amene anatsiriza Fomu 4, pali kusiyana maganizo pa buku lina la ku South Africa lotchedwa Recipes for Love and Murder. Analemba bukuli ndi mayi Sally Andrew ndipo linatuluka m'chaka cha 2015, ngakhale kuti ena analimva mochedwa, pamene kanema wa M-Net anayamba kuonetsa sewero lake m'chaka cha 2022. Nkhani yake ndi ya Tannie Maria, mayi wamasiye wa m'tauni yaing'ono ya Ladismith, amene amalemba za kaphikidwe m'nyuzipepala ya kwawoko. Atauzidwa kuti ayambe kuyankha makalata a anthu a mavuto a chikondi, iye ayankha aliyense ndi malangizo pamodzi ndi chakudya choti aphike. Mayi wina wozunzidwa ndi mwamuna wake amulembera kalata, ndipo pasanapite nthawi apezeka ataphedwa. Apa ndi pamene wophika uja asanduka wofufuza. Kumapeto kwa buku kuli ndondomeko ya kaphikidwe ka zakudya zimene zatchulidwa m'nkhanimo.

Amene anakulira pa mabuku a James Hadley Chase ndi a Pacesetters, aja ogulidwa m'mbali mwa msewu ku Limbe chikuto chitang'ambika kale, amati bukuli n'lozizira: mulibe magalimoto othamangitsana, ndipo wofufuzayo amataya nthawi kuyang'anira keke. Awa asatitayitse nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mabuku a mtundu uwu, kuyambira kwa Miss Marple wa Agatha Christie m'chaka cha 1930 kufikira kwa Mma Ramotswe wa ku Gaborone m'chaka cha 1998, anapangidwira owerenga odekha.

Dandaulo lolemera ndi la aphunzitsi ena achikulire. Iwo amati imfa ya munthu si chinthu choti chiikidwe m'mbale imodzi ndi zotsekemera, ndipo kuti buku limene lipha mayi pa tsamba lino n'kuphunzitsa kuphika pa tsamba linzake likuphunzitsa ana kupeputsa maliro. Mawu amenewa ngochokera mumtima woopa mwambo, ndipo ayenera kuyankhidwa mwaulemu.

Komatu aliyense amene anagonapo pa siwa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa adziwa kuti kuno imfa ndi mphika siziyenda padera. Adzukulu ali kumanda, amayi ali kuseri kwa nyumba pa mafuwa, kuvundula nsima ya khamu lonse. Ndipo ndi pomwepo, pakati pa utsi ndi mithiko, pamene funso limabadwira: kodi malemuwa anadya kuti dzana? Anawaninkha thobwa ndani? Mtundu umene mwini mowa amayamba walawa yekha chipanda pamaso pa alendo, ati kuchotsa ufiti, sungauzidwe ndi mlendo kuti chakudya ndi chikayiko n'zapachibale. Mayi Andrew sanabweretse chachilendo. Chachilendo m'buku lawo n'chakuti funso lija likafunsidwa, mayi wophikayo sathamangira kuloza chala. Mwamuna wankhanza uja ndiye woyamba kuganiziridwa ndi aliyense, koma nkhani siilola wowerenga kukhazikika pamenepo; imukakamiza kufunsa nthawi, malo, ndi amene anaona ndi maso.

Phindu la khalidwe limeneli silochepa m'dziko muno. Lamulo loletsa kumwetsana mwabvi ndi kutchulana ufiti linakhazikitsidwa m'chaka cha 1911, koma mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa m'boma la Neno kaamba koti mtsikana wina anafa ndi mphenzi. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe, zinafika m'Blantyre muno, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu olusa popanda dontho la umboni. Amene amanyamula miyala pa nthawi zotere si osaphunzira okhaokha ayi. Ambiri anadutsa m'kalasi, analoweza tanthauzo la mawu ovuta, koma palibe anawazoloweza kusiyanitsa chimene munthu wamva ndi chimene chatsimikizika. Mwana amene wawerenga mabuku khumi a ofufuza milandu wanamizidwa kakhumi ndi mlembi, naloza munthu wolakwika kakhumi, nachita manyazi pa tsamba lotsiriza. Manyazi a m'buku saphetsa agogo a munthu.

Ndipo wophika ndiye woyenera ntchitoyi koposa wina aliyense. Agatha Christie anagwira ntchito yosakaniza mankhwala m'chipatala ku Torquay pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'chifukwa chake poizoni wa m'mabuku ake amapha monga momwe amapheradi. Mayi wa pamsika wa Limbe ali ndi sukulu yakeyake yotero. Adziwa kuti chinangwa chowawa chili ndi ululu umene umachoka chikaviikidwa m'madzi masiku angapo. Adziwa bowa wodyedwa ndi bowa wopha, amene amatenga mabanja athunthu m'nyengo ya dzinja. Adziwa tameki, ndi kuopsa kosunga mankhwala a makoswe pafupi ndi ufa. Anaona kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino, ambiri a iwo atangodya kapena kumwa zimene anansi awo anali kudya ndi kumwa tsiku ndi tsiku. Munthu akafa atadya, pali zifukwa zambiri zoti ziyambe zafufuzidwa dzina la nkhalamba ya kuseri lisanatchulidwe, ndipo zambiri mwa izo zimadziwika kukhitchini.

Pali chimodzi chimene otsutsa bukuli akanachigwira mwamphamvu akanapambana nacho. Mabuku otere amatha bwino mopitirira muyeso: wakupha agwidwa, mudzi upuma, anthu akhala pansi n'kudya. Blantyre adziwa kuti si mmene zimakhalira. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu okwana pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo, pa milandu yodziwika ndi dzina la Chilobwe. Walla Laini Kawisa anagwidwa, navomera ina mwa milanduyo, naweruzidwa kuti aphedwe, koma kufikira lero ambiri sakhulupirira kuti anali yekha. Nkhani imeneyo ilibe tsamba lotsiriza. Wowerenga wa ku Chilobwe ali ndi ufulu womwetulira monyoza akaona mmene zinthu zimalongosokera ku Ladismith. Koma akumbukirenso kuti m'zaka zimenezo mphekesera zinadzaza malo a umboni, ndipo sizinapulumutse munthu ngakhale mmodzi.

Chotsala n'chakuti buku lotere lilembedwe m'Chichewa. Aubrey Kalitera anaonetsa kalekale, posindikiza yekha nkhani zake m'Blantyre muno, kuti owerenga nkhani zosangalatsa alipo. Malo a mayi wogulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa depoti ya Wenela, amene amaona aliyense wokwera ndi wotsika, nafunsa mafunso amene apolisi sanawaganize, akadali otakasuka. Mlembi wake adzavutika pa chinthu chimodzi chokha, ndicho masamba a kumapeto aja. Tannie Maria amayeza shuga ndi kapu ndi sipuni. Mayi wa ku Ndirande ukamufunsa kuchuluka kwa nsinjiro zothira mu nkhwani, amangotambasula dzanja, n'kukuyang'ana modabwa kuti unakulira kuti.