Chimbale chabwino cha Macheso sichiyezedwa ndi fumbi la pabwalo

Mkangano wa zimbale za Alick Macheso sutha m'makomboni a mu Harare. Ku Lochinvar ndi ku Rugare, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, mkanganowu umatentha kwambiri chifukwa munthuyu timamutenga kuti ndi mwana wakwathu. Kukangana pa nyimbo n'kwabwino. Chimene chikunditopetsa ndi mmene tikukanganira. Munthu akangofunsa kuti chimbale chiti chinaposa zonse, wina amayankha ndi dzina la gule, wina amakumbutsa za chinamtindi cha anthu chimene chinadzaza pa Aquatic Complex ku Chitungwiza, wina amangoti zakale zokha ndiye zinali nyimbo, n'kutembenuka kumapita. Za nyimbo zenizenizo, za chimene mawu ndi magitala zikuchita m'khutu ndi mumtima, palibe akuzikhudza.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindiwabisa mpaka kumapeto. Chimbale chimene chinaposa zonse kuyambira pamene Macheso anaima payekha ndi Simbaradzo, cha 2000. Chimene chinafooka kuposa zonse ndi Kwatakabva Mitunhu, cha 2012. Chifukwa chake ndi chimodzi pa ziwirizi: Macheso ndi woyimba wa madandaulo amene amathanso kuvinitsa anthu. Madandaulo akatsogola, gule n'kumatsatira pambuyo, palibe amene amamupeza. Gule akatsogola, amakhala ngati woyimba wina aliyense wa nyimbo za sungura amene ali ndi bandi yabwino.

Kuti izi zimveke, tiyambe tayang'ana kumene anachokera. Macheso anabadwa mu 1968 ku Shamva, ndipo anakulira m'mapulazi, m'dziko lomwelo la makomponi limene linalera ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Luso lake linakhwimira mu Khiama Boys, pansi pa Nicholas Zakaria, amene nayenso makolo ake ndi a ku Malawi ndipo anthu anamupatsa dzina loti Senior Lecturer chifukwa cha oyimba amene anadutsa m'manja mwake. Mu bandi imeneyi Macheso anali wa gitala ya besi. Atachokamo n'kuyambitsa Orchestra Mberikwazvo, anatulutsa Magariro mu 1998 ndi Vakiridzo mu 1999. Zimbale ziwirizi n'zabwino, ndipo alipo amene amalumbirira Magariro chifukwa cha nyimbo ya Pakutema Munda. Koma womvetsera mosakondera amva kuti mmenemo mukadali fungo la Khiama Boys. Mnyamatayo anali atatuluka m'nyumba ya mphunzitsi wake koma anali akadayendabe mayendedwe a mphunzitsiyo.

Simbaradzo chinabwera pamene sungura anali pa maliro. Leonard Dembo anamwalira mu 1996, ndipo mu 1999 anatsatirapo System Tazvida ndi John Chibadura. Mpando unali wopanda munthu, ndipo ena amanena kuti Macheso anangokhala ndi mwayi wopeza mpandowo. Koma oyimba a sungura amene anali moyo chaka chimenecho anali ambiri, nanga bwanji sanakhalepo iwo? Chimene Macheso anachita m'chimbale chimenechi n'chakuti anachotsa besi kumbuyo, kumene inkangosunga mayendedwe a nyimbo, n'kuiika kutsogolo kuti izilankhula. Mukamvetsera bwino mupeza kuti mawu akamaliza kudandaula, besi imapitiriza dandaulo lomwelo, kulikweza, kulitsitsa, kulibwereza mpaka munthu amene amamvetsera ali chikhalire angozindikira kuti waimirira. Kuvina kwake kumachokera m'chisonimo. Ndiye chifukwa chake nyimbo za mphindi khumi za m'chimbalechi sizitopetsa, chifukwa gawo la magitala likumalizitsa nkhani imene mawu anaiyamba. Dzanja la Bothwell Nyamhondera, amene anajambula zimbale zoyambirira za Macheso ku Gramma Records, likumvekanso poyera: chida chilichonse chili pamalo pake ndipo palibe chikuphimba chinzake.

Pamwamba pa zonsezi pali Mundikumbuke. Nyimbo imeneyi ndi ya m'Chichewa, kulira kwa mwana amene kholo lamusiya pa dziko la mavuto, ndipo inalowa m'makombi, m'mabala ndi m'nyumba za anthu amene sanalankhulepo Chichewa chibadwire. Tikumbuke kuti chinali chaka chanji. Mu 2000 ndi mmene kulanda mapulazi kunayambira, ndipo pakati pa anthu amene anataya ntchito ndi pogona panali antchito ambirimbiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Chaka chotsatira lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'dziko muno, amene sanaonepo Dedza kapena Mangochi ndi maso, anapezeka kuti akuwerengedwa ngati alendo. Pa nthawi yomweyo imene chilankhulo chathu chinali chinthu choti munthu azichibisa pa mzere wa ziphaso, mwana wa m'komponi ya ku Shamva anachititsa dziko lonse kuyimba m'chilankhulocho. Sindikunena kuti Macheso analemba nyimboyo ndi ndale m'mutu. Ndikunena kuti nyimbo ya mwana wamasiye inapeza anthu amene anali atangosandutsidwa amasiye a dziko, ndipo inawakwana. Agogo ambiri a ku Rugare amene sankasamala za sungura anaidziwa nyimbo imeneyi, ndipo adzukulu awo amene Chichewa chinali chitayamba kuwathawa pakamwa anaiyimba mosachita manyazi.

Wina anganene kuti apa ndayamba kuyeza chimbale ndi mbiri m'malo moyeza ndi nyimbo, ndipo kuti ndikukondera chifukwa cha chilankhulo. Kukondera kulipo, sindikukana, koma chotsani Mundikumbuke m'chimbalemo muone chimene chitsale. Mutsala Amai VaRubhi ndi Petunia, nyimbo zimene mpaka lero anthu amazipempha Macheso akakwera pa siteji, patatha zaka zoposa makumi awiri. Zimbale za Macheso nthawi zambiri zimakhala ndi nyimbo zisanu ndi imodzi, kotero nyimbo imodzi yofooka imaonekera msanga. Mu Simbaradzo mulibe nyimbo imene munthu amafuna kuidumpha.

Gulu limene limatsutsa kwambiri ndi la anthu a gule. Iwowa amati chimbale chachikulu ndi Zvido Zvenyu Kunyanya cha 2003 chifukwa cha Madhawu, kapena Ndezvashe-Eh cha 2007 chifukwa cha mmene chinkagwedezera mabwalo. Mukawafunsa chifukwa, amakuuzani za Borrowdale, gule uja wotsanzira kuthamanga kwa akavalo, za Razor Wire, za mmene Franco Slomo ankapindira thupi ndi mmene Jonasi Kasamba ankakolezera moto ndi mfuu zake za Chikongo. Zonsezo zinachitikadi, ndipo pa zaka zimenezo Orchestra Mberikwazvo inali bandi yoopsa pa siteji. Koma zimenezo ndi zokumbukira za usiku wina wake ku dansi. Chimbale chimayezedwa pamene palibe siteji, palibe ovina, munthu uli wekha m'nyumba ndi wailesi. Mukachita zimenezo, Madhawu imaimabe njii, ndipo ndikuvomera kuti ndi imodzi mwa nyimbo zazikulu za Macheso. Koma nyimbo imodzi yaikulu sipanga chimbale chachikulu. Mu Ndezvashe-Eh, magawo a magitala anayamba kutalika kuposa nkhani imene akunyamula, ndipo munthu amamva kuti nyimbozo zinakonzedwa poganizira ovina a pa siteji.

Chimbale chokhacho chimene chimandichititsa kuganiza kawiri ndi Zvakanaka Zvakadaro cha 2001. Amene amachiika pamwamba ali ndi mfundo zolemera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mawu awo samveka kwambiri m'mikangano imeneyi. M'chimbalechi bandi inali itakhwima kuposa chaka chapitacho, kuyimba kwa Macheso kunali kodekha, ndipo nyimbo ngati Monalisa ndi Chisoni zili ndi mtima womwe uja wa Simbaradzo. Munthu atandiuza kuti pa luso la kuyimba zida chimbale cha 2001 chinaposa, sindingalimbane naye nthawi yaitali. Ndimachiika pachiwiri pa chifukwa chimodzi: chinayenda m'njira imene Simbaradzo inali italambula kale. Kukonza bwino chinthu chimene wachipeza kale n'kosiyana ndi kuchipeza.

Tsopano za chimbale chofooka. Kwatakabva Mitunhu chinatuluka kumapeto kwa 2012, ndipo ngakhale okonda Macheso ndi mtima wonse anachilandira mozizira. Ochiteteza amatchula zifukwa zimene si zabodza. Pa nthawiyo ma CD okopera mwakuba anali atadzaza m'misewu ya Harare, makampani akale ojambula nyimbo anali atagwada, ndipo achinyamata a ku Mbare ndi makomboni ena anali atatembenukira ku nyimbo za Zimdancehall. Woyimba mnzake Tongai Moyo, amene mpikisano wake unkachititsa Macheso kukhala maso, anali atamwalira mu Okutobala 2011. Zonsezi zikufotokoza chifukwa chimene chimbalecho sichinagulidwe kapena kumveka ngati zam'mbuyo. Sizikufotokoza chifukwa chimene munthu amene anachigula, n'kuchimvetsera mofatsa, sanachibwereze. Akuba nyimbo sanalowe mu situdiyo. Vuto lili m'nyimbo momwemo: zala zikuthamanga monga kale, besi ikuchita zodabwitsa monga kale, koma palibe dandaulo limene likukugwira pakhosi. Macharangwanda inavinitsa anthu kwa kanthawi, koma lero ndi angati amene amaipempha poyerekeza ndi nyimbo za 2000? Chili ngati ndiwo zimene wophika waikamo zokometsera zonse koma waiwala mchere.

Chaka chotsatira, mu 2013, zinaonekera poyera kuti m'nyumbamo munali mutalowa mphepo. Slomo, Kasamba, woyimba gitala Noel Nyazanda ndi woyimba ng'oma Obert Gomba anachoka n'kukayambitsa Extra Kwazvose. Mutu umodzi susenza denga, ndipo sungura ndi nyimbo ya gulu: gitala yotsogolera, yothandizira, besi ndi ng'oma zimayenera kudziwana ngati abale. Macheso anakhala osatulutsa chimbale mpaka 2016.

Apa ndi pamene gulu lina limalakwitsa, lija loti munthuyu anatha kalekale ndipo chilichonse chimene anatulutsa pambuyo pa 2007 n'chongotaya. Anthu amenewa ambiri a iwo anasiya kumvetsera, ndipo akuweruza nyimbo zimene sanazimve mpaka kumapeto. Tsoka Dzerwendo, cha mu Malichi 2016, chimene chinagulitsidwa pa dola imodzi pofuna kupikisana ndi okopera mwakuba, ndi chimbale cha munthu amene wadutsa m'mavuto ndipo wabwerera ku chimene amachidziwa bwino. Liwiro linatsika pang'ono, mawu anapatsidwanso malo, ndipo nyimbo ngati Wandirangaridza ndi Gungwa zinamveka ngati za munthu wamkulu amene akulankhula zimene zamuonekera. Sichifika pa Simbaradzo, koma ndimachiika pamwamba pa Ndezvashe-Eh mosazengereza, ndipo ndikudziwa kuti anthu a gule sangandikhululukire pa mawu amenewa. Dzinosvitsa Kure cha 2018 chinatsatira njira yomweyo, ngakhale kuti sichinaiwonjezere zambiri.

Chimene chimandipweteka m'mkangano wonsewu n'chakuti ife eni ake, ana ndi adzukulu a machona, ndife amene tikutsogolera kumuchepetsa Macheso kukhala wovinitsa basi. Tikamakamba za Dembo timakamba za mawu ake ndi za chikondi chimene ankayimba. Tikamakamba za Oliver Mtukudzi timakamba za nzeru za m'nyimbo zake. Tikafika pa Macheso timayamba kuonetsana mapazi. Komatu munthuyu ndi amene anatenga kulira kwa m'makomponi, umasiye, umphawi, kusowa kwawo kwenikweni, n'kukuika pa wailesi ya dziko lonse, nthawi zina m'chilankhulo cha agogo athu. Lamulo lalikulu la dziko la 2013 linatsegulanso khomo la unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko oyandikana nawo, koma zaka khumi ndi zitatu zimenezo zisanachitike, nyimbo ya Chichewa inali itamveka kale m'nyumba iliyonse ya m'Zimbabwe.

Amene akufuna kutsutsa zimene ndanenazi atsutse, koma abwere ndi nyimbo, osati ndi dzina la gule kapena chiwerengero cha anthu a ku dansi. Akhale pansi amvetsere Simbaradzo kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kenako achite chimodzimodzi ndi Kwatakabva Mitunhu, ndipo atiuze kuti m'chimbale chiti besi ikulankhula ndi m'chiti ikungothamanga. Mpaka atatero, Simbaradzo chili pamwamba, Zvakanaka Zvakadaro chikutsatira, ndipo cha 2012 chili pansi pa zonse.