Amayi a zaka 52 akayamba kuiwala, ndalama yathu ipite kuti?

Foni ikalira kuchokera kumudzi ku Sinda kapena ku Vubwi, timadziwa kuti pamapeto pali pempho. Koma ena a ife talandirapo foni yoziziritsa m'nkhongono: "Amayi ako asintha. Dzulo anasochera pochokera kuchigayo. Lero athira mchere kawiri m'ndiwo, ndipo akukana kuti aphika ndi iwo." Amayiwo ali ndi zaka 52. Kenako pempho lija: tumiza ya kwa ng'anga.

Pa wailesi timamva nkhani zotere, ndipo mayina ake timawadziwa: kulodzedwa, misala, kachasu. Munthu akapezeka m'mamawa pakhomo la eni osadziwa kuti wafika bwanji, ena amati mfiti yagwa. Dzina limene silitchulidwa ndi dementia, matenda amene amaononga ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kuiwala njira, mawu ndi nkhope za ana ake.

Timaganiza kuti ndi matenda a ambuya okhaokha. Komatu mayi amene dokotala Alois Alzheimer anamuona ku Frankfurt mu 1901 anali ndi zaka 51 chabe. Bungwe la WHO limati pa anthu 100 odwala dementia, mpaka 9 amayamba asanakwanitse zaka 65. Kafukufuku wa mu 2021 anayerekeza kuti padziko lonse alipo pafupifupi 3.9 miliyoni a zaka 30 mpaka 64. Awa ndi anthu amene akulimabe, akugulitsabe pamsika, akulipirabe ana kusukulu.

Mu 2023 ofufuza a ku Exeter ndi Maastricht anasanthula mbiri ya umoyo wa anthu oposa 350,000 ndipo anapeza zinthu 15 zogwirizana ndi kuyamba msanga kwa matendawa. Zina mwa izo ndi uchidakwa, sitiroko, shuga, kugontha, kuvutika maganizo ndi kukhala kwawekha. Koma anthu onsewo anali a ku Britain. Mlimi wa ku Katete mulibe m'chiwerengero chimenecho, ndipo sadzalowamo ngati ulendo wake uthera kwa ng'anga. Wodwala amene sanalembedwe m'buku la kuchipatala, kwa boma ndi kwa ofufuza amakhala ngati kulibe.

Tisanene kuti kafukufuku wa ubongo ndi wa maiko olemera. Ofufuza a University of Zambia ndi anzawo a ku Belgium agwira ntchito zaka zambiri m'midzi ya Katete ndi Sinda, kutsata njoka ya m'mimba yochokera ku nyama ya nkhumba, imene timphutsi take tikafika ku ubongo timayambitsa khunyu. Anthu athu anavomera kupimidwa. Kuyambira 2018, madokotala a ubongo akuphunzitsidwa konkuno, ku UTH mu Lusaka. Njira ilipo. Tikufuna mafunso a kuiwala msanga ayendemonso.

Ena adzati, "Poti dementia sichira, tivutikirenji?" Chifukwa kuiwala kwina kumachira kapena kuchepa. HIV yosalandira mankhwala, chindoko chobisala, kuchepa kwa vitamini B12 ndi vuto la chithokomiro zonse zimasokoneza mutu, ndipo zimapezeka popima magazi. Ngakhale itakhala dementia yeniyeni, dzina lochokera kwa dokotala limateteza munthu ku zala za anansi. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu m'malamulo a Zambia, koma pepala la kuchipatala limafika msanga kuposa khoti.

Ife a m'tauni ndife timagwira chikwama, choncho tili ndi mawu. Foni ija ikalira, tifunse kuti zinayamba liti, tilembe m'kope zimene zasintha, ndipo titumize ya basi yopita kukiliniki, akalembedwe kalata ya ku St Francis kapena ku Chipata. Tikatha, tipite nawo tokha. Amayi sangakumbukire zouza dokotala.