Bitiruti wafika pa Mtakataka, koma asagulitsidwe ngati mankhwala

Kabichi, karoti, anyezi ndi mbatata ya kachewere zimene zimayalidwa pa misika ya Mtakataka ndi Golomoti, zambiri zimachokera kumtunda kozizira, ku Bembeke ndi ku Lizulu. Zimatsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, kuchokera pa Masasa mpaka pa Golomoti, n'kulowa mumsewu wa M5. M'matumba amenewa nthawi zina mumabwera mlendo: chinthu chobulungira ngati lalanje, chakhungu lofiira moderako, chokhala ndi kamchira pansi ndi masamba a mitsempha yofiira pamwamba. Wopikula amachitenga chifukwa mlimi wamuikira basela, kapena chifukwa wamva kuti ku Lilongwe chimayenda malonda. Chikafika pa benchi chimatha masiku atatu anthu akungochitola, kuchinunkhiza, n'kuchibwezera pamulu.

Dzina lake ndi bitiruti. Kasitomala akafunsa kuti, "Amayi, ichi n'chiyani?" mayankho amene amamveka pamsika ndi awiri. Ena amati ndi mbatata ya azungu. Ena amati ndi mankhwala owonjezera magazi. Yankho loyamba limachititsa munthu kukamuwiritsa ngati mbatata, n'kudya mamawa ndi tiyi, n'kulumbira kuti sadzagulanso. Lachiwiri limagulitsa msanga, koma likhoza kuvulaza munthu. Geni ya bitiruti ingathe kukhazikika m'chigwa cha Dedza, pokhapokha wogulitsa atamudziwa, atamuphikapo yekha kunyumba, ndiponso atasiya kudziyesa dokotala.

Kumuzindikira n'kosavuta. Akadulidwa pakati, mkati mwake mumaoneka mizere yozungulira ngati ya pachitsa cha mtengo, ndipo madzi ake amathimbirira zala ndi mpeni nthawi yomweyo. Mbatata yofiira khungu ilibe mizere yotere, ndipo imatuluka utomoni woyera. Pali zina zofanana naye kunja, monga radishi ndi tanipi, koma zimenezi mkati zimakhala zoyera ndipo zimayabwa pakhosi ngati mpiru. Bitiruti amanunkhira dothi lonyowa ndipo amatsekemera pang'ono. Kutsekemerako sikwangozi, chifukwa ndi mbewu imodzi ndi bitiruti woyera amene maiko ozizira monga France, Germany ndi Russia amapangira shuga, monga momwe ku Dwangwa ndi ku Nchalo amapangira ndi nzimbe.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mlendoyu ali ndi abale pamsika pomwepo. Sipinachi wa masamba akuluakulu ndi phesi loyera, amene amagulitsidwa m'matauni, ndi mtundu umodzi ndi bitiruti. Kusiyana kwake n'kwakuti wina amalimidwira masamba, wina muzu. Ndipo onse awiri ali m'banja limodzi ndi bonongwe. Mayi amene amadziwa kuphika bonongwe, theka la ntchito ya bitiruti amaidziwa kale.

Wokayikira asalawe chinthu chachilendo kuti adziwe dzina lake. Nthula imafanana ndi mabiringanya ang'onoang'ono koma sidyedwa, ndipo chinangwa chowawa chimapha chikadyedwa chosaviika. Njira yabwino ndi kufunsa mlimi amene wagulitsa katunduyo kuti aonetse kapepala kamene munali mbewu, kapena kutenga mutu umodzi ndi masamba ake omwe n'kupita nawo kwa alangizi a zaulimi. Mtakataka ndi Golomoti kuli maofesi a zaulimi, ndipo kufunsa sikulipiritsa.

Nkhani yaikulu ili pa magazi. Anthu amaona madzi ofiira n'kuganiza kuti akalowa m'thupi asanduka magazi. Kufiirako kumachokera ku utoto wachilengedwe wa mbewuyi wotchedwa betanin, umene mafakitale amathira m'zakudya kuti zifiire. Sukhudzana ndi ayironi, mchere umene thupi limafuna popanga magazi. Mu magalamu 100 a muzu wa bitiruti muli ayironi wosafika miligalamu imodzi. Masamba ake, amene ogulitsa ambiri amawadula n'kutayira mbuzi, ali ndi ayironi wochuluka katatu kuposa muzuwo. Nyemba, chiwindi, usipa ndi bonongwe zimamuposa bitiruti pa ntchito imeneyi. Chimene ali nacho chambiri ndi foleti, imene thupi limafunanso popanga magazi, makamaka kwa mayi woyembekezera. Choncho ndi chakudya chabwino ndithu, koma ndi chakudya basi.

Wina anganene kuti bodza limeneli silipweteka munthu, poti amene wagula wadya ndiwo zabwino. Koma kuchepa kwa magazi m'dera la m'mbali mwa nyanja nthawi zambiri kumayamba ndi malungo, njoka zam'mimba kapena likodzo. Mwana amene zikhatho zake zayera ndipo akupuma movutikira amafunika chipatala cha Mua kapena chipatala chaching'ono chapafupi tsiku lomwelo. Mayi ake akauzidwa pamsika kuti angomufinyira madzi a bitiruti kwa sabata imodzi, sabata imeneyo ndiyo ingamutayitse mwana. Chimodzimodzi mayi woyembekezera amene wasiya mapiritsi a ayironi a ku sikelo chifukwa amamuchititsa mseru, n'kudalira mulu wa pa benchi. Za kuthamanga kwa magazi nazo zimanenedwa: madzi a bitiruti amatsitsa pang'ono, koma osati mokwanira kuti munthu asiye mankhwala a BP. Wogulitsa amene walonjeza machiritso, tsiku la maliro dzina lake limatchulidwa, ndipo msika wa Mtakataka si waukulu moti munthu angabisale.

Pali chinanso chimene wogulitsa wa ku Lizulu angachiiwale koma wa kuchigwa sayenera kuchiiwala. Anthu ena akadya bitiruti, mkodzo ndi chimbudzi zimafiira. Si matenda, ndipo zimatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Koma kwa anthu amene amasamba m'nyanja, amene amagwira ntchito m'madzi a mpunga ku sikimu ya Bwanje, amene ana awo amasewera m'madambo, mkodzo wofiira uli ndi tanthauzo limodzi lokha: likodzo. Kasitomala amene sanachenjezedwe amachita mantha, amalengeza mudzi wonse kuti chinthu chija n'chakupha, ndipo mulu wonse umaolera pa benchi. Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Munthu amene alidi ndi likodzo akhoza kunamizira bitiruti n'kukhala pakhomo. Mawu oyenera kutuluka pakamwa pa wogulitsa pamene akupereka chenji ndi achidule: "Achimwene, mukaona mkodzo wafiira mawa musadabwe. Koma zikapitirira masiku awiri, kapena kukamapweteka pokodza, si izi ayi, pitani kuchipatala." Mankhwala a likodzo, praziquantel, ndi omwe aja amaperekedwa kwa ana m'sukulu. Chenjezo limeneli silithamangitsa kasitomala. Limamuonetsa kuti amene akumugulitsa amadziwa katundu wake.

Tsopano za mpamba. Bitiruti ndi mbewu ya kozizira, ndipo kutentha kwa m'chigwa kumamufotetsa msanga. Masamba akasiyidwa pamutu amapitiriza kukoka madzi, muzu n'kufewa ngati siponji. Katundu akangofika, masamba achotsedwe popotokola, n'kusiya phesi lotalika ngati chala chimodzi chopingasa kapena ziwiri. Kamchira kasadulidwe, khungu lisakandike, ndipo asatsukidwe mpaka tsiku loyala. Wosungidwa pamthunzi mumchenga wachinyezi, kapena m'dengu lofunditsidwa chiguduli chonyowa, amapirira masiku ambiri kuposa tomato. Popikula, mitu yaikulu ngati mutu wa mwana si yabwino ngakhale imakopa maso. Mkati imakhala yolimba ngati nkhuni. Yabwino ndi ya msinkhu wa dzira la nkhuku mpaka lalanje.

Masamu ake, mongoyerekeza, ali chonchi. Munthu atapikula mitu 40 pa K12,000, mutu uliwonse wamudyera K300. Atagulitsa yonse pa K500, apeza K20,000. Koma mitu 12 ikafota chifukwa chogona padzuwa ndi masamba ake, yotsala 28 ibweretsa K14,000, ndipo K2,000 yapamwambayo ithera pa thiransipoti ndi tikiti ya msika. Masamba a mitu 40 yomweyo, atamangidwa timitolo 10 ta K200, akanabweza K2,000 ina tsiku loyamba lomwelo. N'chifukwa chake woyamba geni imeneyi asatenge thumba lathunthu. Beseni limodzi likwanira kuyesera msika.

Masambawo ndiwo khomo lolowera m'makhitchini a anthu. Amaphikidwa ngati bonongwe kapena mnkhwani, ndi tomato ndi anyezi, kapena otendera ndi nsinjiro. Safuna soda chifukwa amafewa okha. Msuzi umafiira pang'ono, ndipo wogula auzidwiretu. Banja likazolowera masamba ndi nsima, silichedwa kufunsa za muzu.

Muzuwo vuto lake ndi nkhuni. Mutu wapakatikati umafuna mphindi 40 kapena ola lathunthu pamoto, ndipo ndi mtengo wa makala masiku ano si mayi aliyense angavomere. Akawiritsidwa ndi khungu lake, osadula, utoto ndi kukoma sizithawira m'madzi, ndipo akazizira khungu limasendeka ndi zala zokha. Wofuna kusunga makala amupale wamuwisi ngati karoti, n'kusakaniza ndi kabichi wodulidwa mopyapyala, mchere, mandimu ndi mafuta pang'ono. Saladi yotere sifuna moto ngakhale pang'ono, ndipo apa ndi pamene pali kasitomala weniweni: anyamata a chiwaya. Tchipisi cha m'mbali mwa M5 chimaperekedwa ndi kabichi ndi tomato paliponse, ndipo chiwaya chimene saladi yake yafiira chimaoneka patali. Mutu umodzi umakongoletsa beseni lonse la kabichi. Malesitilanti, amayi ophika pa maukwati ndi pa zinkhoswe, ndi malo ogona alendo obwera kudzaona za chikhalidwe ku KuNgoni pa Mua, onsewa ndi oyenera kuwapititsira mbale yolawa, osadikira kuti adzafunse okha. Mabanja a pa sukulu yophunzitsa apolisi ya Mtakataka, amene ambiri anakhalapo m'matauni, angakhale oti anamudyapo kale.

Amene anakhalako ku Joni ndiye safunika kuwafotokozera. Ku South Africa bitiruti wowiritsa, wodulidwa n'kuthiridwa viniga, shuga ndi anyezi, sasowa pa mbale ya Lamulungu imene amaitcha ya mitundu isanu ndi iwiri. Wokonzedwa chonchi amakhalitsa kuposa wongowiritsa, ndipo ndi njira yopulumutsira mitu imene yayamba kufewa isanawole. Wogulitsa zophikaphika angayese timabotolo tochepa, koma aukhondo, otsukidwa ndi madzi owira, ndipo asamachepetse viniga pofuna kusunga ndalama, chifukwa ndi amene amaletsa kuwonongeka.

Chakudya chachilendo kulowa pa msika wa Dedza si nkhani yatsopano. Mu 2009 bungwe la International Potato Center, ndi thandizo la dziko la Ireland, linayamba kufalitsa mbatata yofiira mkati m'maboma angapo kuphatikizapo Dedza, poyamba ndi mtundu wa Zondeni. Mu 2011 panatulutsidwa mitundu ina isanu: Anaakwanire, Chipika, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu. Poyamba anthu ankaidandaula kuti ndi yofewa, si yaufa ngati yoyera imene anaizolowera. Inalowa chifukwa anthu anaonetsedwa kaphikidwe kake, analawa mandasi ndi phala zosakaniza nayo, ndiponso inapatsidwa maina oti mayi wa kumudzi angawatchule n'kuseka. Kadyaubwerere ndi dzina logulitsa malonda palokha. Bitiruti alibe bungwe lomuyendera m'midzi, choncho ntchito yolawitsa yatsalira wogulitsa. Mutu umodzi wodulidwa pakati n'kuikidwa pamwamba pa mulu, ndi kambale ka wowiritsa kokhala ndi timitengo totolera, zimayankha mafunso ambiri kuposa kukuwa.

Kwa amene ali ndi dimba m'mbali mwa Namikokwe kapena Nadzipulu, palibe chifukwa chodikira katundu wa kumtunda chaka chonse. Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye m'chigwa mumazizira mokwanira. Mbewu imafesedwa pabedi pomwepo, osaokera, ndipo kambewu kamodzi kamamera timbande tiwiri kapena titatu, choncho pamafunika kupatulira kuti pakati pa mbande pazikhala mpata wa masentimita 10. Zopatulirazo ndi ndiwo kale. Pakatha miyezi iwiri kapena iwiri ndi theka mitu imakhala yakhwima. Wofesa mu Seputembala adzakolola mitu yolimba ndi yaying'ono chifukwa cha dzuwa la Okutobala, ndipo nthawi imeneyo n'kwabwino kubwerera ku therere ndi mabiringanya, zimene kutentha kwa Mtakataka sikuziopsa.