Ana auzidwe mbiri yonse ya olemba amene amawakonda

Pamaliro, wowerenga mbiri ya malemu amadziwa zoyenera kutchula. Amanena za mpingo, za ana amene malemu anaphunzitsa ndi za kuolowa manja kwawo, koma za ngongole ndi mkwiyo amazisiya, ndipo palibe womudzudzula popeza tsikulo ndi lotonthoza anamfedwa. Vuto ndi loti timabuku tambiri tofotokozera ana moyo wa olemba nkhani zawo timalembedwanso motero. Wolembayo amasanduka gogo womwetulira amene sanalakwirepo munthu. Kumeneko n'kunamiza ana, ndipo bodza lotere silikoma ngakhale litakongoletsedwa ndi zithunzi.

Titenge Roald Dahl, mlembi wa Matilda ndi Charlie and the Chocolate Factory. Moyo wake uli ndi zonse zimene mwana angamvetsere kukamwa kuli yasa. Anabadwa mu 1916 ku Llandaff, ku Wales, kwa makolo ochokera ku Norway. Ali pasukulu ya Repton, kampani ya Cadbury inkatumiza chokoleti kuti anyamata alawe n'kunena zokoma. Anagwira ntchito ku kampani ya Shell ku Dar es Salaam, kenako anakhala woyendetsa ndege zankhondo, ndipo mu 1940 ndege yake inagwa m'chipululu kumpoto kwa Africa, iye n'kupulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mwana wake Theo atagundidwa ndi galimoto ku New York mu 1960, Dahl anagwirizana ndi Stanley Wade ndi dokotala Kenneth Till kupanga kachipangizo kochotsa madzi m'mutu mwa ana odwala. Mwana wake wamkazi Olivia atamwalira ndi chikuku mu 1962, ali ndi zaka 7, iye anadzalimbikitsa makolo kubayitsa ana katemera. Zonsezi n'zoona ndipo ana aziuzidwa.

Komatu munthu yemweyu ali ndi mbali ina. M'buku la Charlie lotuluka mu 1964, antchito a fakitale ya Willy Wonka, aja otchedwa Oompa-Loompa, anali anthu akuda afupiafupi ochokera m'nkhalango za mu Africa, otengedwa mozemba m'mabokosi, olipidwa ndi nthanga za koko. Anthu atadandaula, kuphatikizapo bungwe la NAACP la ku America, Dahl anawasintha m'buku lotuluka mu 1973. Mu 1983 anauza magazini ya New Statesman kuti Ayuda ali ndi khalidwe loputa chidani, mpaka kunena kuti Hitler sanawazunze popanda chifukwa. Mu 1990, chaka chimene anamwalira, anavomereza yekha kuti amadana nawo. Banja lake linadzapepesa mu 2020. Mwana wa ku Mzuzu kapena ku Chipata amene akusekerera nyimbo za a Oompa-Loompa ali ndi ufulu wodziwa kuti poyamba anthu osekedwawo anali ofanana ndi iyeyo.

Onani tsono zimene akuluakulu anachita. Mu February 2023 zinadziwika kuti kampani ya Puffin inasintha mawu ambirimbiri m'mabuku a Dahl, kuchotsa ngakhale onena za kunenepa, pofuna kuti asakhumudwitse owerenga a lero. Mlembi Salman Rushdie ndi ena anakuwa, ndipo kampaniyo inalonjeza kusindikizanso mabukuwo monga analili. Kusintha mawuko kunali kuyambira kolakwika. Kupukuta buku n'kusiya mbiri ya mwini wake osaifotokoza kumangothandiza ogulitsa, makamaka tikakumbukira kuti Netflix inagula kampani yosunga ntchito za Dahl mu 2021. Amene anachita zanzeru ndi a nyumba yosungira zinthu zake ku Great Missenden, omwe chaka chomwecho cha 2023 ananena poyera kuti tsankho la Dahl silingakanidwe.

Ena amati ana ndi aang'ono, zoterezi ziwadikire akule. Kodi ana ake ati? Omwewa amene amawerenga za Miss Trunchbull wa m'buku la Matilda akuzunguza mtsikana pomugwira tsitsi n'kumuponya kutali? Omwewa amene amamva nthano za fisi ndi kalulu, momwe wochenjera amanamiza mnzake mpaka kumuphetsa? Mwana wa Sitandade 5 amadziwa kale kuti mphunzitsi wodziwa masamu angathe kukhala wankhanza. Ziganizo ziwiri zosavuta n'zokwana: munthuyu analemba nkhani zosangalatsa, koma ananenanso mawu oipa onyoza anthu a mitundu ina, ndipo banja lake linapepesa. Enanso amaopa kuti mwana akamva izi ataya bukulo. Mwina ena angataye, ndipo ndi ufulu wawo. Choopsa kwambiri ndi mwana amene adzazitulukire yekha pa intaneti ali ku sekondale, n'kuzindikira kuti akuluakulu anamubisira dala. Ameneyo sadzakhulupiriranso mbiri ya munthu wina aliyense imene tidzamupatse.

Pali phunziro linanso limene mbiri yoona imapereka. M'buku lake la Boy, la 1984, Dahl analemba kuti mphunzitsi wamkulu Geoffrey Fisher, amene anadzakhala Arkibishopu wa Canterbury, anakwapula mnzake wa Dahl mwankhanza ku Repton. Ofufuza anapeza kuti nthawi imeneyo Fisher anali atachoka kale, ndipo wokwapulayo anali amene anamulowa m'malo. Mwana akamva zimenezi amaphunzira kuti ngakhale mwini nkhani amatha kusokoneza kapena kuwonjezera, choncho chilichonse cholembedwa chiyenera kufunsidwa mafunso. Luso limeneli lidzamuthandiza moyo wake wonse.

Kwathu kuno ntchitoyi ikudikira olemba. Ana amene amamva mayina a John Gwengwe, E.J. Chadza, Willie Zingani ndi Steve Chimombo akuyenera kukhala ndi timabuku towauza kuti anthuwa anakulira kuti, anaphunzira bwanji kulemba, anavutika ndi chiyani ndipo analephera pati. Inu olemba, osindikiza mabuku ndi aphunzitsi, mukayamba ntchito imeneyi fufuzani mokwanira, lembani m'mawu oti mwana amve, ndipo musachotse tsamba lililonse chifukwa choti likuchititsa manyazi. Ana athu si opusa, apatseni munthu yense.