Makadi oloweza mawu: pa Chinyanja tiwasiye

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, makadi oloweza mawu afika ndithu kuno ku Lago. Timawaona pa foni, timawakopera pa makatoni, ana a kalasi yoyamba n'kumawayimba m'mawa uliwonse. Ine ndikuti pophunzitsa kuwerenga Chinyanja tiwasiye.

Njirayi anaipangira Chingerezi. Mu 1936 Edward Dolch wa ku America anasonkhanitsa mawu 220 opezeka kawirikawiri m'mabuku a ana, kuti ana aziwazindikira pongowaona. Kumeneko n'zomveka, chifukwa mawu ngati "one" ndi "said" salembedwa momwe amamvekera. Chinyanja chilibe vuto limenelo. Mwana amene wadziwa u, si, pa, ta ndi ka amawerenga "usipa" ndi "utaka" popanda womuuza, ngakhale sanawaonepo pa bolodi.

Komanso mawu athu amasintha mutu ndi mchira. Lero mwana waloweza "ndapita". Mawa akumana ndi "sindinapite", mkuja "tikadzapita". Tidula makadi angati? Makatoni a ku Metangula konse atha ntchito isanathe.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mwana woloweza amaoneka ngati akuwerenga. Amakuwa bwino pamodzi ndi anzake, mphunzitsi n'kusangalala, kholo n'kusangalala. Koma iye wangosunga maonekedwe a mawuwo ngati chithunzi. Mulembereni "kola" ndi "khola", kapena "pala" ndi "phala", muone. Kachilembo kamodzi ako, h, ndi kamene kamasiyanitsa kukola nsomba ndi khola la mbuzi, ndipo woloweza sakaona. Zimadzaululika mochedwa, buku likadzaza ndi ziganizo zazitali, nthawi yomuthandiza itachepa.

Ife a m'mbali mwa nyanja tilinso ndi nkhani yathuyathu. Mabuku a kusukulu amalemba "cakudya" ndi "Cinyanja", motsatira kalembedwe kamene anagwirizana ku Maputo mu 1988. Mabuku ochokera ku Malawi, ngati amene amaoloka kuchokera ku Likoma kudzafika ku Cobué, amalemba "chakudya", monga ndikulembera ine panomu. Mwana woloweza amaona mawu awiri osiyana. Wodziwa maliwu mumangomuuza kamodzi kuti c ndi ch zikuimira liwu limodzi, basi wadutsa.

Sindikukana kuti mawu ena ayenera kubwera msanga m'maso mwa mwana. "Ndi", "kuti", "koma", "pa", "ku" ndi "mu" ali paliponse, ndipo amene amadodoma pa iwo samva nkhani imene akuwerenga. Koma liwiro limenelo limabwera mwana akawaphatikiza yekha kambirimbiri m'ziganizo zenizeni.

Pa Chipwitikizi ndiye ndimavomera makadi ochepa. "Que", "um", "há" ndi "muito" ali ndi zilembo zosamveka kapena maliwu amene mwana wathu sangawapeze pogwiritsa ntchito zimene waphunzira m'Chinyanja. Chilembo x chokha chimamveka mosiyana mu "peixe", "exame", "próximo" ndi "táxi". Ngakhale c yemwe uja amasanduka k mu "casa". Apa kuona mawu athunthu mobwerezabwereza kumathandiza, koma mwana ayambe wawamva ndi kuwalankhula, adziwe tanthauzo lake, khadi libwere pambuyo.

Makolo, simufunika kugula kanthu. Lembani pa mchenga kuti "Bambo ali mu bwato", mwana awerenge akuloza phatikizo lililonse ndi chala. Kenaka fufutani "bwato", mulembe "munda" ndi kusintha "mu" kukhala "ku". Akanenabe kuti bwato, musamukalipire. Bwererani naye pa mu ndi nda, mawa mudzayesenso ndi mawu ena.